Kansalu ka pa Chigubu

"Ine ndinanena kalekale," anatero mkazi wa Dalaivala, manja ali m'chiuno. "Ndinanena kuti tsiku lina munthu wamkuluyu adzatiotchera nyumba kapena kutiphera galimoto. Inu munkati ndine wolongolola. Lero ndiye kulongolola kwangako kwathira zimenezo?"

Dalaivala anali atawerama pa injini ya takisi yake, boneti ili yasa, chivindikiro cha rediyeta chili m'manja. Pamene pankayenera kuoneka madzi panali zinthu zokhathamira, zamtundu wa tiyi wamkaka wogonera m'kapu. Anapisa chala, zinamumata. Ananunkhiza. Anali oyilo wosakanikirana ndi madzi.

"Tsitsani mawu, mayi a mwana. Anthu akumva."

"Amve! Akamva ndiye atigulira injini ina? Galimoto iyi ndiye munda wathu, ndiye sukulu ya ana, ndiye lendi. Itafa lero tidya chiyani? Aitaneni bambo anuwo adzafotokoze."

Panalibe chifukwa chowaitanira. A Telala anali atatuluka kale m'chipinda chawo cha kuseri, akuyenda dzanja lili pakhoma monga ankachitira chiyambire ng'ala kuwaphimba m'maso. Makina osokera anawasiya zaka zapitazo, koma dzina linawakakamira. Ntchito imene inawatsalira pakhomopo inali imodzi, ndipo anadzipatsa okha: m'mawa uliwonse, injini isanalire, ankapukuta magalasi a takisi ndi kuwonjezera madzi m'rediyeta, poti inkadonthako pang'ono.

"Kwagwanji, mwananga?"

"Bambo, dzulo munathira chiyani umu?"

"Madzi. Nanga n'kuthira chiyani?"

"Kuchokera m'chigubu chiti?"

"Cha kansalu."

Pakona ya khonde pankakhala zigubu ziwiri zofanana ngati mapasa, zonse zogulira oyilo. China chinali chidakali ndi oyilo, china anachitsuka n'kumasungiramo madzi. Pachogwirira cha chamadzicho a Telala anamangapo kansalu, kuti zala ziziwauza zimene maso analeka kuwauza.

Mpongozi wawo anapita pakonapo, nanyamula zigubu zonse ziwiri n'kuziika pamapazi awo.

"Papasani, apongozi. Kansaluko kali pati?"

A Telala anawerama, napapasa chogwirira choyamba, kenako chachiwiri, kenako anabwereranso ku choyamba. Kansalu panalibe. Kanadzapezeka pambuyo pake kuseri kwa tsache, katathetheka pamfundo, koma kuti kanagwa liti palibe ankadziwa.

"Komabe madzi ndi oyilo sizilira mofanana pothira," inatero nkhalambayo. "Makutu ndikadali nawo."

"Makutu ake ati? Omwe sanamve mpopi ukutayika mpaka kucha aja?" Mayiyo anakhutchumula chigubu cha oyilo. "Ichi chinali chodzadza mwezi wathawu. Tamverani kupepuka kwake. Oyiloyo wamwa ndani?"

Apa Dalaivala akanatha kulankhulapo. Masabata apitawo iye mwini ankatunga m'chigubumo pafupipafupi, chifukwa injini inali itayamba kudya oyilo kuposa kale. Koma mutu wake unali pa anthu amene ankamudikira pasiteji, ndipo munthu akapsa mtima amafuna pogwira, safuna mafunso. Anaponya chivindikiro pansi.

"Bambo, kuyambira lero galimoto iyi musadzaikhudzenso."

Tsiku limenelo takisi sinapite kumsewu. Dalaivala anamasula paipi ya pansi pa rediyeta, zoipa zija zinakhuthukira m'beseni. Anathira madzi a sopo, kuliza injini, kukhuthula, kuthiranso, mpaka madzi anayamba kutuluka oyererako. Kugalaja sanapite. Anati matenda akudziwika kale, nanga dokotala n'kumulipiriranji.

Lamlungu lake anaitanitsa mlongo wake. Anakhala pabalaza, mothithikana, chifukwa theka la balazalo linali litadzadza mabelo a zovala zimene mkazi wa Dalaivala ankagulitsa kumsika. A Telala anawaikira mpando pafupi ndi chitseko, ndipo nkhani yawo inakambidwa ngati eni ake apita kumunda.

"Ine sindikukana apongozi anga," anayamba mayi wa pakhomopo. "Zaka zonsezi ndawaphikira, ndawachapira, ndawagwira dzanja popita kuchipatala, ena akungobwera ndi kapaketi ka shuga kamodzi pachaka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ndamva m'mimba ndine. Tinayamba ndi mpopi, kenako poto anapserera pamoto iwo ali pompo, lero ndi galimoto. Mawa kudzakhala chiyani? Ana anga ndimawasiya ndi iwowa ndikapita kumsika."

"Alamu, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," anatero mlongoyo.

"Ndiye atengeni, alamu, poti mwambiwo mukuudziwa."

Mlongoyo anayang'ana zikhadabo zake. "Achimwene, nyumba yanga mukuidziwa. Chipinda n'chimodzi, ana ali mbwee, ndipo alamu anu aja mukuwadziwanso mtima wawo. Bambo ndikawagoneka pati? Pansi pa tebulo?"

"Ndiye mukuti titani?" anafunsa Dalaivala.

"Kumudzi nyumba yawo ikadalipo. Kungofolera mbali imene inasasuka ija basi. Asuweni athu ali pafupi, aziwayang'anira. Ndiponso kumudzi kuli mpweya wabwino, si kuno kwa fumbi ndi phokoso."

Msuweni ankanenedwayo anali mwana wa mlongo wawo wa a Telala, munthu amene mowa unamudziwa dzina. Onse atatu ankadziwa zimenezi, ndipo onse atatu anagwirizana za mpweya wabwino. Anapangana kuti ulendo udzakhale Loweruka la kumapeto kwa mwezi, denga likatha.

"Kodi ine ndingalankhuleko?" anafunsa a Telala.

"Lankhulani, bambo."

"Ine ndikukumbuka kuti ndinagwira kansalu. Ndinakamva m'zala zangazi." Anasisita chala chachikulu ndi chamkombaphala. "Kapena linali dzana lake lija. Ukakhala suona, masiku amafanana."

"Mwamvatu," anatero mpongozi wawo, koma motsitsa mawu.

Mlongoyo anasiya kapaketi ka shuga patebulo n'kuthamangira basi.

Takisi inayenda bwino masiku angapo. Kenako tsiku lina masana, ili pachitunda chopita kumsika itadzadza anthu, muvi woonetsa kutentha unakwera mpaka pofiira. Dalaivala anaima, anthu anatsika akung'ung'udza n'kukwera ya mnzake. Injini itazizira anatsegula rediyeta. Zinthu zija zinali zitabwerera, zokhathamira kuposa poyamba.

Ulendo uno panalibe womuloza chala. Chichitikire mkangano uja zigubu zonse ziwiri ankazitsekera m'buti, madzi ankathira yekha, ndipo bambo ake ankangokhala pampando kuseri kwa nyumba, galimoto osaiyandikira n'komwe. Anapempha mnzake kuti amukoke mpaka kugalaja ya a Girisi.

A Girisi anali makaniko wachikulire, ndipo dzinalo analipata chifukwa palibe anaonapo zikhatho zawo zili zoyera, ngakhale paukwati wa mwana wawo. Galaja yawo inali shedi ya malata, yozunguliridwa ndi mitembo ya magalimoto imene nkhuku zinkaikiramo mazira. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta sipanala.

"Ndiye mwati anathira ndi bambo anu?"

"Eya. Maso aja."

"Mutatsuka anathiranso?"

"Ayi."

"Ndiye kuti oyiloyu ali ndi miyendo. Tiyeni timulonde mapazi."

Anasolola kandodo koyezera oyilo. Oyilo anali pansi pa mzere, koma wakuda bwinobwino, wopanda madzi. Anatsegula chivindikiro chothirira oyilo n'kuyang'ana kunsi kwake, sanapezeko kanthu. Anauza Dalaivala kuti alize injini, iwo n'kukanjuta kumbuyo, dzanja lili pautsi wa ekizozi, akununkhiza. Atabwerera anayang'anitsitsa pakamwa pa rediyeta kwa kanthawi.

"Mwapulumuka, mphwanga. Ikanakhala gasiketi ya pamutu pa injini, bwenzi utsi uli woyera, madzi akubwadamuka apa, ndipo ine ndi inu bwenzi tikukambirana zoitsegula yonse. Kodi oyilo mwakhala mukuwonjezera?"

"Pang'ono."

"Kuyambira liti?"

"Mwezi wathawu. Kapena kupitirirapo."

"Pamene imagona galimotoyi pamadontha?"

"Ayi."

"Utsi wabuluu munauonapo?"

"Ayi."

"Sakudontha, sakupsa, koma akutha. Inu osadzifunsa kuti akupita kuti? Zimitsani. Pali pamene ndikukayikira, ndipo galu wamkota sakandira pachabe."

Anayala katoni, nagona chagada n'kulowa kunsi kwa galimoto. Kunamveka kugogoda, kutukwana pang'ono, kenako anatuluka atanyamula kabokosi kachitsulo kodzadza chikhatho, kokhala ndi timilomo tiwiri tolowetsa mapaipi.

"Uyu timati kula. Ntchito yake n'kuziziritsa oyilo. M'kati umu oyilo amadutsa njira yake, madzi njira yawo, pakati pali kakhoma kopyapyala ngati chitini. Ndi anansi, koma saloledwa kuyenderana."

Anatseka mlomo umodzi ndi chidutswa cha labala, winawo n'kulumikiza ku pampu ya njinga, namiza chitsulocho m'ndowa ya madzi.

"Popani."

Dalaivala anapopa. Poyamba panalibe kanthu. Kenako pabowo lodutsa oyilo panayamba kutuluka timathovu, timodzitimodzi, kenako mndandanda wosaduka.

"Mwaona? Khoma linabooka. Injini ikamalira oyilo amakhala ndi mphamvu kuposa madzi, ndiye ndi iyeyo amalowerera kwa mnzake. N'chifukwa chake kumadzi kwaipa koma kuoyilo kuli bwino. Mukanatsuka mpaka sopo kutha m'sitolo, m'mawa mwake n'kupeza zabwerera."

Dalaivala anasiya kupopa. Thovu linaleka.

"Ndiye kuti palibe munthu anathira?"

"Munthu wake ndi ameneyu," anatero a Girisi akukweza chitsulocho, madzi akuchucha. "Ndipo anamuboola ndi dzimbiri. Chaka chatha ndinakuuzani chiyani? Ndinati bweretsani timate podonthapo, muzithira mankhwala obiriwira aja, madzi okhaokha amadya chitsulo. Munati mudzabwera mukapeza mpata. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Koma munthu atathira oyilo m'rediyeta, sizingaoneke chimodzimodzi?"

"Zingaoneke. Koma wothira amathira kamodzi, mukatsuka zatha. Uyu amathira tsiku lililonse, osapuma ndi Lamlungu lomwe. Bwanji, mukufuna ndikupezereni wina womukwiyira? Kwiyirani chitsulo, sichibweza."

Ntchito inatenga masiku awiri. A Girisi anaika kula watsopano. Mapaipi a labala anali atafufuma n'kufewa, poti oyilo amadya labala, ndiye anawasintha onse. Rediyeta anaichotsa, kuitsuka payokha, kumata podontha paja n'kuibwezera. Kenako anathira madzi ndi sopo wotsukira mbale, kuliza injini mpaka itatentha, kuidikira izizire, kukhuthula, kuyambiranso. Nthawi iliyonse ankatunga madzi okhuthulidwawo m'beseni n'kupita nawo padzuwa. Akaona kadiso ka mafuta kakuyandama ankangoti, "Sanathe," ndipo Dalaivala ankapitanso kumpopi ndi ndowa. Madzulo a Lachinayi beseni linayera. Anathira mankhwala obiriwira aja, naizungulitsa pachitunda chomwe chija, muvi osasuntha.

A Girisi anali ndi lamulo lawo. Chitsulo chilichonse chimene achotsa chinkapita ndi mwini galimoto, kuti pasadzapezeke wonena kuti anangopukuta chakale n'kubwezerapo. Anakulunga kula wakufayo m'pepala la pulasitiki n'kumupatsira pawindo.

"Tengani maliro anu. Ndipo mukawapatse moni a Telala. Ovolosi ndavalayi anasoka ndi iwo, nsalu yatha koma msoko ukadali gwa. Mukawauze kuti mlandu wawo watha, wopalamula wagwidwa."

"Ndikawauza," anatero Dalaivala, nakankhira phukusilo pansi pa mpando wa kutsogolo.

Anapeza mkazi wake akupinda zovala pabalaza. Anatseka chitseko cholowera kuseri asanalankhule.

"Mayi a mwana, bambo sanathire oyilo."

Mayiyo anamaliza kaye kupinda diresi limene linali m'manja. "Wanena ndani?"

"A Girisi. Ndaona ndi maso angawa. Chitsulo china chinabooka m'kati, oyilo ankalowa yekha. Za chigubu chopepuka zija, ndinkatunga ndine."

Mayiyo anakhala pansi pabelo. Manyazi anamugwira, ndipo sanawabise.

"Ndiye kuti ndinawalalatira pachabe, anthu akumva."

"Tonse tinatero."

"Ndiye mukuganiza zotani?"

"Ndiwauze. Akhale."

"Auzeni. Ndi bambo anu." Anatola malaya ena, koma sanawapinde. "Koma mukawauza, muuzenso alamu kuti zimene tinapangana zija zafa. Mutumizenso mawu kumudzi kuti denga lija afolera pachabe. Kenako mundiyankhe ine: mpopi ujanso chinabooka n'chitsulo? Nanga poto uja? Inu mumachoka kusanache, mumabwera dzuwa litalowa. Amene amatsala nawo ndine. Galimoto mwaipezera makaniko, nanga maso awo muwapezera ndani?"

"Kuchipatala anati ng'ala amachotsa."

"Anatero chaka chatha. Munati mudzawapititsa mukapeza mpata."

Dalaivala anakanda m'mutu. Mawu amenewa anali atawamva kale sabata yomweyo, kuchokera pakamwa pena.

"Madzi akatayika saoleka, bambo a mwana. Iwo eni ake mtima anauika kale paulendo, zovala alongedza. Koma ine sindikukuletsani. Chitseko chawo ndi icho."

Dalaivala anapitadi. Anaima pakhomo la chipinda cha kuseri, dzanja lili pachitseko. M'katimo munkamveka kukhwekhwereza kwa sutikesi ndi kanyimbo ka m'mphuno.

"Ndani?"

"Ndine, bambo. Ndimati ndione ngati mwadya."

"Ndadya. Galimoto yachira?"

"Yachira."

"Yakudyera zambiri?"

"Pang'ono."

"Mmm," inatero nkhalambayo, ndipo kanyimbo kaja sikanamvekenso.

Dalaivala anadziuza kuti nkhani yaikulu siyambidwa munthu atatopa, adzawauza mawa. Mawa lakelo anachoka kusanache n'kubwera anthu atadya kale. Kunena zoona, kuwauza bambo ake sikunali kovuta. Chimene ankaopa n'chimene chikanatsatira: kukhala nawobe, chaka ndi chaka, pakati pa iwo ndi mkazi wake. Mlandu wa oyilo unali utamuchotsera katundu amene yekha sakanalimba mtima kumutula, ndipo tsopano ankachita ulesi kumusenzanso.

Loweruka linafika. Anakweza sutikesi, matiresi, kawailesi ndi mpando uja wa kuseri. Mkazi wa Dalaivala anawonjezera sopo, mchere ndi bulangete latsopano la m'belo, limene akanatha kuligulitsa bwino. Anagwada potsanzikana, koma analephera kuwayang'ana kumaso apongozi ake, ngakhale iwo sakanamuona.

"Muyende bwino, apongozi."

"Tsalani bwino, mayi. Singano yanu ndinabwereka ija ndaibaya pakatani, mukaichotse ana asanaipeze."

Anawakhazika kutsogolo. Aka kanali koyamba kuikhudza galimotoyo chichitikire mkangano uja, ndipo anakhala manja ali pamiyendo, ngati mlendo. Anadutsa msika, anadutsa chigayo, phula linatha, fumbi linayamba. Pabampu ina phukusi lija linatsetsereka n'kuwagunda chidendene. Anawerama nalitola.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chimene achotsa a Girisi."

A Telala anamasula pepalalo. Zala zawo zinayenda pachitsulocho pang'onopang'ono, m'mbali, pansi, patimilomo tija, monga ankapapasira nsalu asanaidule. Anachinunkhiza.

"Ndi chimene ndinawononga ine?"

Dalaivala analiza hutala. Kutsogolo kunali munthu wa njinga, koma anali kutali, ndipo anali kale m'mphepete mwa msewu.

"Chinali chitatha kale, bambo."

"Usanditonthoze, mwananga. Ndine munthu wamkulu, ndimadziwa kusenza mlandu wanga."

Apa panangotsala mawu ochepa: thovu m'ndowa, dzimbiri, moni wa a Girisi. Dalaivala anasintha giya. A Telala anakulunganso chitsulo chija bwinobwino, nachibwezera pansi pa mpando pamene anachipeza, n'kupukuta zala pa mpango wawo kuti asadetse mpando.

Anafika dzuwa lili pamutu. Denga analifoleradi, ngakhale mbali imodzi kuwala kunkalowa. Msuweni uja anawalandira ndi chimwemwe chopitirira muyezo, akununkha za dzulo ndi za m'mawa womwewo. Anathandiza kutsitsa matiresi, kenako anafunsa ngati abale a kutauni abweretsako kenakake kopukutira thukuta, ndipo atakalandira anakumbukira kuti pali munthu akumudikira kwinakwake.

Dalaivala anasesa m'nyumbamo, anayala matiresi, natunga madzi n'kuwaika pafupi ndi chitseko. Anawagwira dzanja bambo ake n'kuwayendetsa kuchokera pakhomo kupita kuchimbudzi ndi kubwerera, kawiri, kuti mapazi aloweze njira. Ankagwira ntchito mwachangu ndiponso mosamala, ngati munthu amene akufuna kuti wina adzamuchitire umboni.

"Ndizipita, bambo, kusanade. Ndizibwera pafupipafupi."

"Dikira kaye."

A Telala anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kansalu. Sikanali kaja kothetheka. Aka kanali kopinda kawiri, kosokedwa m'mbali monse, mbali ina kuli batani, mbali ina kuli kabowo kake kosokerera bwino. Msoko unali wokhotakhota, wa munthu wosoka ndi zala zokha, koma wolimba.

"Ukaike pachigubu cha madzi. Aka sikangagwe, ndaika batani. Kaja ndinangomanga mfundo, ulesi. Munthu wosoka moyo wake wonse n'kumanga mfundo! Ana akukula, tsiku lina adzafuna kukuthandiza, asadzachite zimene ndinachita ine."

Anafufuza dzanja la mwana wawo mumpweya mpaka analipeza, naikamo kansaluko n'kulifumbatitsa.

"Undikhululukire, mwananga. Ndinkangofuna kuthandiza."

Dalaivala anayang'ana nkhope ya bambo ake, maso otuwa aja akuyang'ana pambali pang'ono pa iye. Chisoni chinamugwira, chenicheni, ndipo anatsegula pakamwa.

"Zinapita, bambo," anatero. "Ndinakhululuka."

"Zikomo. Lero ndigona tulo." Nkhalambayo inapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka. "Kalize ndiimve."

Analiza injini. A Telala anaima pakhomo atagwira mphuthu, mutu atapendeketsa.

"Ikulira bwino!" anakuwa. "A Girisi ndi dokotala!"

Pobwerera, atafika pamene phula limayambira, anapeza anthu akudikira basi. Kuyenda wopanda anthu n'kuwotcha mafuta pachabe, choncho anaima n'kuwakweza. Bambo wina wonenepa anakhala kutsogolo, ndipo asanapite patali anayamba kusuntha miyendo.

"Adalaivala, pansi apa pali chinthu chikundigunda phazi."

"Ponyani kunja, bwana. N'chakutha."

Bamboyo anatsitsa galasi. Phukusilo linagwera m'udzu wa m'mphepete mwa msewu, osamveka n'komwe. Dalaivala anaponya diso pa muvi woonetsa kutentha. Unali pakati penipeni, ndipo unakhala pomwepo mpaka kunyumba.